Chithunzi chomwe sichidatuluke m'kamera

Mwezi wa April m'chaka cha 2023, pa mwambo wopereka mphoto za mpikisano wa Sony World Photography Awards mumzinda wa London, katswiri wojambula zithunzi wa ku Germany, a Boris Eldagsen, adachita zomwe okonza mwambowo sadayembekezere. Iwo adakwera pa nsanja n'kulengeza kuti mphoto yomwe adapata akuikana.

Chithunzi chomwe chidawapambanitsa chikuonetsa amayi awiri, wamkulu atabisala kumbuyo kwa wamng'ono, ndipo chimaoneka ngati chakalekale, chija chimapezeka pansi pa sutikesi ya agogo. Koma amayiwo sadakhaleko padziko lino. Palibe kamera yomwe idawajambula. A Eldagsen adachipanga pakompyuta ndi luso lotchedwa AI, momwe munthu amalemba mawu ofotokoza zomwe akufuna ndipo makina amapeka chithunzicho.

Iwo adafotokoza kuti adalowa mpikisanowo mwadala, pofuna kuona ngati oweruza adali okonzeka kusiyanitsa zithunzi zotere ndi zenizeni, ndipo adapeza kuti sadali okonzeka. Okonza mpikisano adayankha kuti mkuluyu adawauziratu zoti adagwiritsa ntchito AI, ndipo mbali ziwirizi zidalozana zala pa nkhani ya yemwe adadziwa chiyani, ndiponso liti. Mkangano umenewo sudapindulire munthu.

Chofunika ndi mfundo ya a Eldagsen. Iwo sadana ndi AI, pakuti amaigwiritsa ntchito ndipo amaiona ngati luso palokha. Chomwe akukana n'chakuti chithunzi chopeka chipikisane ndi chithunzi chojambulidwa. Kwa iwo kujambula ndi kugwira kuwala komwe kwagwera pa chinthu chomwe chilipodi. Wojambula amayenda, amadikira, amapempha chilolezo, nthawi zina amapsa ndi dzuwa tsiku lonse osapeza kanthu. Wopeka pakompyuta ntchito yake ili m'mawu. Kuwaika pamzere umodzi kuli ngati kuweruza mlimi yemwe wabweretsa dzungu la m'munda mwake pamodzi ndi mmisiri yemwe waumba dzungu ndi dothi n'kulipaka utoto. Onse ndi aluso, koma chionetsero cha zaulimi chili ndi mwini wake.

Vuto la oweruza silidayambe ndi AI. Bungwe la World Press Photo, lomwe lidayamba mu 1955 ku Amsterdam ndipo mpikisano wake wa zithunzi za atolankhani ndi wolemekezeka kwambiri, lidachotsa zithunzi 20 pa 100 zilizonse mwa zomwe zidafika kumapeto kwa mpikisano wa 2015, ataona kuti eni ake adazikonza mopyola muyeso pakompyuta. Chaka chomwecho a Giovanni Troilo a ku Italy adalandidwa mphoto yoyamba zitadziwika kuti chithunzi china chomwe adati adajambula ku Charleroi, m'dziko la Belgium, adachijambulira ku Brussels. Chithunzicho chidali chenicheni. Bodza lidali m'mawu olembedwa pansi pake.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imakhudza alangizi ndi ena ogwira ntchito kumidzi, omwe foni zawo zadzaza zithunzi za minda, mijigo ndi nkhokwe. Chithunzi cha chimanga chobiriwira chimakhala umboni pokhapokha munda, mudzi ndi mwezi zomwe zalembedwa pansi pake zili zoona. Chimanga cha m'dimba chikatchedwa cha kumtunda, kamera siyidaname, koma woona wanamizidwa. Ndipo yemwe amakhala ku likulu kusankha chithunzi chopambana amatengeka ndi chokongola, monga momwe adatengekera oweruza a ku London. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha: a World Press Photo amaitanitsa chithunzi choyambirira, monga chidatulukira m'kamera, kuti achiyerekeze ndi chomwe chaperekedwa. Pa chithunzi cha a Eldagsen, woyang'anitsitsa akadaona kuti zala zina za amayiwo zidapangika modabwitsa. Makina a masiku ano sakulakwitsanso zala kawirikawiri ngati kale, choncho diso lokha silikukwanira.

Mu 2024 nkhaniyi idatembenuka. Wojambula wina, a Miles Astray, adatenga chithunzi chenicheni cha mbalame ya flamingo chomwe adajambula pa chilumba cha Aruba, mbalameyo itapinda khosi n'kubisa mutu mpaka kuoneka ngati ilibe mutu, ndipo adachilowetsa m'gawo la zithunzi za AI pa mpikisano wa 1839 Awards. Oweruza adachipatsa malo achitatu, ndipo anthu ovota adachisankha kukhala chopambana. A Astray ataulula kuti mbalameyo idali yamoyo ndipo kamera idali yeniyeni, mphoto zonse ziwiri adalandidwa.