Golide Amene Sanali M'nthaka

Achinyamata anzanga, pamodzi ndi inu makolo amene mumawerenga tsamba lino, sabata ino tiyeni tilingalire za golide ndi kopa. M'chaka cha 2025 mtengo wa golide unakwera modabwitsa: m'mwezi wa Marichi unadutsa madola a ku America 3,000 pa aunsi imodzi, yomwe ndi magalamu pafupifupi 31, ndipo pofika Okutobala unali utadutsa 4,000. Kopa nayenso akufunidwa kwambiri, pakuti galimoto zoyendera magetsi, nthambo za magetsi ndi makina a mphamvu ya dzuwa zonsezi zimalira kopa. Mitengo ikamakwera chotere, pamabuka timakampani tambirimbiri tolengeza kuti tapeza chuma pansi pa nthaka, ndipo pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayamba kuyenda mauthenga akuti gulani masheya lero, mawa mudzalira. Mauthenga otere si achilendo. Alipo anthu amene anawamva kale, nawakhulupirira, natsala manja ali m'nkhongo.

Poyamba timvetse kuti timakampani timeneti n'chiyani. Kampani yaing'ono yofufuza miyala ilibe mgodi, siigulitsa kanthu, ndipo ilibe phindu. Chimene ili nacho ndi chiphaso chofufuzira dera lina, akatswiri a miyala ochepa, ndi chiyembekezo. Ndalama zolipirira ntchito imazipeza pogulitsa masheya, makamaka pa misika ya ku Toronto, ku Sydney ndi ku London. Ndi ndalamazo imaboola nthaka mamita mazanamazana, kutulutsa miyala yaitali yobulungira ngati nzimbe, ndi kuitumiza ku labotale kuti akayeze magalamu a golide amene ali m'tani imodzi ya mwala, kapena kuchuluka kwa kopa. Zotsatira zikakhala zabwino masheya amakwera, zikakhala zoipa amagwa. Choncho wogula masheya a kampani yotere amagula nkhani ya golide, ndipo nkhani itha kukhala yoona kapena yabodza.

Nkhani yabodza yotchuka koposa zonse ndi ya kampani ya Bre-X Minerals ya mumzinda wa Calgary ku Canada. Mwini wake, David Walsh, anali munthu wa ngongole, ndipo masheya a kampani yake sankafika ngakhale dola imodzi ya ku Canada. M'chaka cha 1993, potsatira uphungu wa katswiri wa miyala John Felderhof, kampaniyi inatenga malo otchedwa Busang m'nkhalango za pa chilumba cha Borneo ku Indonesia. Woyang'anira ntchito yofufuza anali Michael de Guzman wa ku Philippines. Zotsatira za ku labotale zinayamba kubwera zokoma, ndipo chilengezo chilichonse chinkaposa chinzake. Pofika kumayambiriro kwa 1997 kampaniyi inkati ku Busang kuli golide wokwana maaunsi 70 miliyoni, ndipo Felderhof ankanena zoti atha kufika 200 miliyoni. Zikanakhala zoona, akanakhala mgodi wa golide waukulu pa dziko lonse.

Anthu anathamangira masheya ngati ngumbi pa nyali. M'mwezi wa Meyi 1996 sheya imodzi inafika madola a ku Canada 286, ndipo kampani yonse inafika powerengeredwa madola oposa 6 biliyoni, pamene inali isanakumbe golide ngakhale wodzaza supuni. Makampani akuluakulu a migodi monga Barrick Gold ndi Placer Dome analimbirana malowo. Ana a pulezidenti Suharto ndi bwenzi lake Bob Hasan nawonso analowererapo, aliyense kufuna gawo lake. Mu Febuluwale 1997 anagwirizana kuti mgodiwo udzamangidwe ndi kampani ya ku America ya Freeport-McMoRan, yomwe inali kale ndi mgodi waukulu wa kopa ndi golide wa Grasberg m'dziko lomwelo.

A Freeport anachita chinthu chapafupi chimene ena onse ananyalanyaza: anaboola okha maenje awo pafupi ndi maenje a Bre-X. Sanapezemo golide woti n'kumutchula. Anaitana de Guzman kuti adzafotokoze, koma pa 19 Marichi 1997, ali pa ulendo wopita kumeneko, anagwa kuchokera m'helikopita. Patatha sabata imodzi a Freeport analengeza zimene anapeza, ndipo tsiku lotsatira masheya anagwa ndi zoposa 80 peresenti, mpaka makompyuta a msika wa Toronto analephera kugwira ntchito chifukwa cha unyinji wa ofuna kugulitsa. M'mwezi wa Meyi akatswiri oima paokha a Strathcona Mineral Services anatsimikiza kuti zonsezo zinali chinyengo. Anthu ena ankathira fumbi la golide m'miyala yophwanyidwa isanapite ku labotale, ndipo wambiri mwa golideyo anali wogula kwa anthu osefa mchenga m'mitsinje.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zizindikiro zinalipo kwa wofuna kuona. Mwambo wa ntchitoyi ndi woti mwala wotuluka m'dzenje amaudula pakati, theka kutumiza ku labotale, theka kusunga kuti wina adzathe kuyezanso. A Bre-X ankaphwanya pafupifupi mwala wonse. Ndiponso timibulu ta golide wa mumtsinje timakhala tosalala chifukwa chokhulidwa ndi madzi, tosiyana ndi ta m'thanthwe. Nanga akatswiri a mabanki ndi olemba nkhani analephera bwanji kufunsa? Yankho n'lakuti aliyense anali kudyapo. Wogulitsa masheya ankalandira cholowa chake, wogula ankaona chuma chake chikukula pa pepala, ndipo munthu wokayika ankaoneka ngati wansanje. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma pa nthawiyo panalibe wofuna kuthyola mkuyuwo kuti aone.

Amene analira si olemera okha. M'tauni yaing'ono ya St. Paul ku Alberta anthu ambiri wamba anaika ndalama zawo m'kampaniyi, chifukwa mnansi anauza mnansi. Thumba la penshoni la aphunzitsi a ku Ontario linataya madola a ku Canada pafupifupi 100 miliyoni, kutanthauza kuti ngakhale mphunzitsi amene sanamvepo dzina la Busang anakhudzidwa. David Walsh anamwalira mu 1998 ku Bahamas akukanabe kuti sankadziwa kanthu. Felderhof anazengedwa mlandu wogulitsa masheya pogwiritsa ntchito zinsinsi za kampani, koma khoti linam'peza wosalakwa mu 2007. Palibe amene analowa m'ndende. Chimene chinatsatira ndi lamulo la ku Canada lotchedwa National Instrument 43-101, loyamba kugwira ntchito mu 2001, lofuna kuti chilengezo chilichonse cha zopezeka m'nthaka chikhale ndi katswiri wovomerezeka wochiimira ndi dzina lake.

Wina anganene kuti, kodi ndiye kuti kampani iliyonse yaing'ono ndi ya mbava? Ayi ndithu, ndipo kutero kungakhale kunamizira anthu ogwira ntchito yolemekezeka. Popanda anthu olola kutaya ndalama zawo pofufuza, migodi yambiri sikanapezeka. Mu 1993 ofufuza awiri ogwirira ntchito kampani yaing'ono ya Diamond Fields Resources anapeza nikelo ndi kopa ku Voisey's Bay ku Canada, ndipo mu 1996 kampaniyo inagulidwa ndi Inco pa madola a ku Canada 4.3 biliyoni. Kopa wa ku Kamoa m'dziko la Congo anapezeka mu 2008, ndipo mgodi wa Kamoa-Kakula unayamba kutulutsa kopa mu 2021. Koma onani kuti nkhani ya Voisey's Bay ndiyo inatenthetsa mitima ya anthu mpaka kukhulupirira Bre-X. Chinyengo chimabisala kumbuyo kwa mwayi weniweni wa munthu wina. Ndipo ngakhale pamene palibe chinyengo, malo ambiri ofufuzidwa sasanduka mgodi.

Mlandu suli pa kuika ndalama m'ntchito yokayikitsa, malinga munthu akudziwa kuti itha kutayika. Mlandu uli pa kukweza mtengo ndi mawu okometsera kuti iwe ugulitse msanga, mnzako atsale ndi pepala lachabe. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2409, amaika khalidwe losintha mitengo mwachinyengo pofuna kupindula pa mnzako m'gulu la machimo otsutsana ndi lamulo lachisanu ndi chiwiri. Apa tisaloze chala akuluakulu a makampani okha. Munthu amene wagula masheya okayikitsa, kenako n'kumakopa abale ndi anzake a m'kwaya kuti nawonso agule mtengo ukwere, walowa kale m'mlanduwo, ngakhale sanathire fumbi la golide m'thumba lililonse.

Nkhaniyi ikutikhudza ife kuno kwathu chifukwa makampani aang'ono olembetsedwa pa misika yomweyo ndiwo akutsogolera ntchito zofufuza miyala m'Malawi: Mkango Resources ku Songwe Hill m'boma la Phalombe, Sovereign Metals ku Kasiya, Lindian Resources ku Kangankunde m'boma la Balaka. Kuwatchula pano si kuwafanizira ndi Bre-X. Cholinga n'chakuti tiphunzire kumva zilengezo za migodi ndi khutu lodekha, podziwa kuti mtunda wochoka pa kupeza mwala kufika pa kugulitsa ndi wautali. Yuraniyamu wa ku Kayelekera m'boma la Karonga anapezeka mu 1982, koma mgodi unatsegulidwa mu 2009. Mu 2014 unaima chifukwa mitengo inagwa pambuyo pa ngozi ya ku Fukushima ya 2011, ndipo unayambanso mu 2025 pansi pa kampani ya Lotus Resources. Mnyamata amene anasiya sukulu kudikira ntchito ya pamgodi, kapena banja limene linagulitsa munda motchipa chifukwa cha mphekesera, ndi amene amalipira mtunda umenewu.

Choncho, abale anga, wina akabwera ndi nkhani ya golide kapena kopa, mufunseni mafunso awa mosachita manyazi. Kodi kampaniyo yalembetsedwa pa msika uti, ndipo chiphaso chake n'chofufuzira kapena chokumbira? Kodi zotsatirazo wasainira ndani, nanga alipo katswiri woima payekha amene anayezanso? Kodi chiwerengero akutchulacho n'chongoyerekeza kuchokera ku maenje ochepa, kapena n'chotsimikizika kuti chitha kukumbidwa mwaphindu? Kodi akuluakulu a kampaniyo akugula masheya awo kapena akugulitsa? Ndipo iye amene akukuuzaniyo adzapindula chiyani inu mukagula? Munthu woona sakwiya ndi mafunso otere. Amene amakwiya ndi kukufulumizitsani wakuyankhani kale.

Pomaliza, ndalama ya fizi, ya feteleza, ya lendi kapena ya ku banki mkhonde isalowe m'malonda oterewa, ndipo ngongole ya katapila isayandikireko n'komwe. Ikani yokhayo imene mungathe kuitaya osagona ndi njala, ndipo ngati yotero palibe, dikirani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Tikhale ndi sabata yabwino, ndipo tisaope kufunsa.