Wothawa sayenera kufa ndi chipolopolo

Kawirikawiri timamva pa wailesi kuti apolisi awombera ndi kupha munthu amene amamuganizira kuti ndi mbava, chifukwa chake n'chakuti ankathawa pomwe amafuna kumumanga. Ambiri timangoti zamuyenera, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma kuthawa si mlandu wa imfa. Malamulo aakulu a dziko lino amateteza moyo wa aliyense, ndipo amati munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa. Kuyambira 1992 boma la Malawi silinanyonge munthu ndi mmodzi yemwe, ngakhale amene oweruza anawapeza olakwa pa milandu yakupha. Nanga zingatheke bwanji kuti chilango chimene boma likuopa kupereka mlandu utazengedwa, wapolisi achipereke yekha mumsewu, usiku, popanda mboni kapena woweruza?

Mfundoyi mayiko anagwirizana kale. Mu 1990 ku Havana, msonkhano wa United Nations unakhazikitsa malangizo akuti wapolisi angawombere mofuna kupha pokhapokha ngati palibenso njira ina yopulumutsira moyo. Ku America, khoti lalikulu linagamula mu 1985 kuti wapolisi sangawombere munthu wothawa ngati sakuopseza moyo wa wina. Mlanduwo unachokera ku Memphis, kumene mu 1974 wapolisi anapha Edward Garner, mnyamata wa zaka 15 wopanda chida, akukwera mpanda atathyola nyumba. Zomwe anaba zinali madola khumi ndi kachikwama. Khoti loona za malamulo aakulu ku South Africa linanenanso zofanana mu 2002. Muyeso ndi umodzi: mfuti ndi yotetezera moyo, osati yogwirira munthu amene watiposa liwiro.

Koma lamulo lolembedwa silithandiza wapolisi amene mtima ukugunda ndipo chala chili kale pamfuti. Pa nthawi imeneyo amachita zomwe thupi lake linazolowera kusukulu za apolisi ku Limbe kapena ku Mtakataka, ndiye apa ndi pomwe nkhani yonse yagona. Ngati maphunziro ake anali a perete, kumvera bwana ndi kulasa chandamale, adzawombera. Ayenera kuyeserera mobwerezabwereza zinthu zenizeni zimene adzakumane nazo: woledzera amene wanyamula chikwanje, wodwala maganizo amene sakumva zomwe akuuzidwa, mnyamata amene wathawa chifukwa cha mantha chabe. Aphunzire kuyima patali, kulankhula mofatsa, kuchenjeza, kuitana anzake, ngakhale kumulola munthu kupita ngati akudziwika kwawo, poti mawa angathe kukamutenga kwa mfumu. Aphunzirenso kupereka chithandizo choyamba kwa amene wavulala. Ndipo maphunzirowa asathere tsiku lomaliza kosi. Wapolisi aliyense wonyamula mfuti aziyesedwanso nthawi ndi nthawi. Zomwe zinachitika pa 20 July 2011, pamene anthu pafupifupi 20 anafa pa zionetsero, ambiri a iwo ku Mzuzu, zinaonetsa poyera zomwe zimatsatira apolisi akatumizidwa pakati pa anthu ndi zipolopolo zenizeni koma osakonzekera mokwanira.

Ena adzati mbava za masiku ano zili ndi mfuti, ndipo apolisi nawonso amaphedwa. N'zoona, ndipo imfa ya wapolisi Usumani Imedi, amene anagendedwa ku Msundwe mu 2019, sitiyenera kuiiwala. Koma palibe amene akuti wapolisi ayime chilili pomwe akumuloza ndi mfuti. Pamenepo moyo uli pachiswe ndipo lamulo lili kumbali yake. Tikukamba za munthu amene waonetsa msana. Enanso adzati akathawa adzabanso, ndipo makhoti amawatulutsa pa belo msanga. Dandaulo limeneli n'lomveka kwa amene anathyoleredwa nyumba, koma mankhwala ake ndi kufufuza bwino ndi kuzenga milandu mwachangu. Wakufa sangaulule anzake kapena amene amamugula katundu wakuba, ndipo ngati anali wosalakwa, palibe amene angamubweze. Komanso anthu akaona apolisi akupha oganiziridwa, amalimba mtima kuwotcha anthu m'misika.

Maphunziro okha sangakwanire ngati wowombera sayankha mafunso. Lamulo la Polisi la 2010 linakhazikitsa bungwe loyima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, koma panapita zaka pafupifupi khumi lisanayambe ntchito. Imfa iliyonse yochitika m'manja mwa apolisi izifufuzidwa ndi bungweli, thupi liziyezedwa ndi dokotala, ndipo zotsatira zake ziziuzidwa kwa abale ndi mtundu wonse. Aphungu athu, pokambirana bajeti, aikepo ndalama za maphunziro obwereza, zida zosapha, ndi bungweli kuti lifike m'maboma onse.