Masewera a m'mphepo akudula bwanji kuposa a pa chimbale?

Wolemba mtolankhani wathu wa ku Tsangano ndi Macanga

Abale a ku Tsangano, a ku Ntengo wa Mbalame, a ku Furancungo ndi a ku Chidzolomondo, pali funso lomwe makolo ambiri akufunsana masiku ano ana akamapempha ndalama za masewera a pa kanema. Kodi chinthu chosagwirika ndi manja, chosakwera galimoto, chosadutsa pa chipata cha Biri-Biri, chingadule bwanji kuposa chimbale chomwe chapangidwa m'fakitale, chaikidwa m'kabokosi ndi kuwoloka nyanja? Funsoli ndi lanzeru, ndipo yankho lake likukhudza thumba la mlimi aliyense amene mwana wake ali ndi foni m'manja.

Tiyambe ndi kulongosola za njira ziwirizi. Masewera a pa makina monga PlayStation amagulidwa pa chimbale, kapena amagulidwa pa intaneti ndi kulowetsedwa m'makinamo, komwe anyamata amati kudawuniloda, pa Chipwitikizi baixar. Sitikunena za zimbale zokopera zija za m'misika, zomwe zimatchipa chifukwa eni masewera salandirapo kanthu. Tikuyerekeza chimbale chenicheni ndi masewera omwewo ogulidwa m'mphepo. Kuyambira mu 2020, masewera aakulu atsopano a PlayStation 5 akhala akutuluka pa mtengo wa madola 70. Pa kasinthidwe ka mu 2024, pamene dola imodzi inali pafupi ndi meticais 64, ndiye kuti pafupifupi meticais 4,500. Tsiku loyamba mitengo iwiriyi imafanana. Koma pakapita miyezi ingapo, chimbale chimayamba kutsika m'masitolo, pomwe mtengo wa m'mphepo kawirikawiri umangoima pomwepo.

Chifukwa choyamba mukuchidziwa kale inu alimi a kachewere. Pa msika wa pamphambano ya Tsangano, m'mbali mwa msewu wa Ntcheu, ogulitsa amandandalika ndowa zawo ambirimbiri. Wina akakweza mtengo, wogula amangosuntha mapazi awiri ndi kugula kwa mnzake. Zimbale nazo zili ndi ogulitsa ambiri, ku Tete, ku Blantyre, ku Johannesburg, ndipo amalimbirana ogula. Koma masewera a m'mphepo a PlayStation ali ndi sitolo imodzi yokha, ya kampani ya Sony yomwe imapanganso makinawo. Mu April 2019 kampaniyi inaletsa masitolo ena kugulitsa manambala otsegulira masewera athunthu a m'mphepo. Taganizani msika wa ku Furancungo utakhala ndi benchi limodzi lokha la mchere. Kodi mwini benchilo angatsitse mtengo chifukwa chiyani?

Chifukwa chachiwiri ndi chakuti katundu wa m'manja amathamangitsa mwini wake. Mayi wogulitsa tomato dzuwa likapendeka amatsitsa mtengo, pakuti mawa adzakhala ataphwanyika. Wa sitolo amene wagula zimbale makumi asanu za mpira wa chaka chino ndalama zake zagona m'zimbalemo, ndipo akudziwa kuti chaka chamawa kutuluka mpira wina, wa osewera atsopano, pomwe za chaka chino palibe adzazifune. Motero amagulitsa msanga, ngakhale phindu lichepe. Masewera a m'mphepo saola, safumbwa, sadzaza mosungira katundu. Mwini wake angathe kudikira zaka zisanu mtengo uli pomwepo, osataya kalikonse.

Chifukwa chachitatu ndi kaunjika. Tonse tikudziwa kuti malaya a kaunjika amaletsa wa sitolo kukweza kwambiri malaya atsopano. Chimbale chenicheni mnyamata akatopa nacho amagulitsa, amasinthanitsa, amabwereketsa msuweni wake wa tsidya la Malawi. Zimbale zogwiritsidwa kale ntchitozi zimakokera pansi mtengo wa zatsopano. M'mphepo mulibe kaunjika. Masewera amamangiriridwa ku dzina la wogula, ndipo palibe benchi lomwe angakawagulitsepo.

Chifukwa chachinayi ndi chakuti ndalama ya fakitale ndi ya galimoto yomwe yapulumuka siibwera kwa wogula. Masitolo aakulu a m'mphepo, a Sony, a Steam, a Apple ndi a Google, anadziwika ndi kudula magawo 30 pa 100 alionse a mtengo, ngakhale Apple ndi Google mu 2021 anatsitsa gawoli kufika pa 15 kwa opanga masewera ang'onoang'ono. Kuwonjezera apo, opanga masewera safuna kukwiyitsa masitolo aakulu omwe amawagulitsira makina ndi zimbale, choncho sakonda kuika mtengo wa m'mphepo pansi pa wa m'sitolo. Zomwe zapulumuka amagawana okha.

Musaganize kuti ndi ife a kumudzi tokha amene tikudandaula. Mu 2020 kampani ya Epic Games, mwini masewera a Fortnite, inakokera Apple ku bwalo la milandu ku America pa nkhani ya magawo 30 omwewa. Ku Britain, mu 2022, mayi Alex Neill, womenyera ufulu wa ogula, anasumira Sony m'malo mwa ogula mamiliyoni, ponena kuti sitolo imodzi yokhayo yawalipitsa mopyola muyeso, ndipo mu 2023 bwalo linavomera kuti mlanduwo upitirire. Ngati anthu a ku London, a malipiro a pamwezi ndi magetsi osazima, akuona kuti akudyeredwa, nanga mlimi wa fodya wa ku Macanga, amene ndalama amaiona kamodzi pa chaka?

Pakuti kwa ife kuno pali mtengo wina umene sulembedwa pa chikwangwani. Chimbale chimabwera ndi katundu wake m'kati. Masewera a m'mphepo uyenera kuwanyamula wekha, ndipo ngolo yake ndi ma mega a Vodacom, Movitel kapena Tmcel. Masewera ena aakulu a masiku ano amapitirira ma giga 100, ndipo giga imodzi ndi ma mega pafupifupi 1,000. Tawerengani nokha ndi mtengo wa phukusi lomwe mumagula pa sabata. Onjezani ndalama yotchajira foni kwa mwini sola, onjezani ulendo wokwera pachulu kukafuna netiweki, onjezani ma mega omwe amapita pachabe netiweki ikamadukaduka. Ndi chimodzimodzi kugula thumba la feteleza ku Tete pa mtengo wa sitolo, kenaka ndi kulipira galimoto yonse kuti ilibweretse lokhalo.

Mtengo wa ma megawo sukhazikikanso. Mu May 2024 bungwe la INCM, loyang'anira za mafoni m'dziko muno, linakhazikitsa mitengo yatsopano yomwe inathetsa maphukusi opanda malire. Achinyamata anaguba ku Maputo, ndipo pasanathe nthawi yaitali boma linauza bungwelo kuti liimitse mitengoyo. Abale a m'malire amene amagwiritsa ntchito makadi a TNM ndi Airtel, kulipira m'makwacha, akukumbukiranso November 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi magawo 44 pa 100. Mitengo ya m'mphepo imatsata ndalama zakunja. Ndalama yakwanu ikagwa usiku, m'mawa masewera akwera, pomwe chimbale chili m'dengu chikhalire.

Koma chomwe chikundiwawa kwambiri ndi ichi: wogula m'mphepo sagula, amabwereka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kumapeto kwa March 2024 kampani ya Ubisoft inazimitsa makompyuta oyendetsa masewera a galimoto otchedwa The Crew, ndipo ambiri amene anawalipira anatsala chimanjamanja. Ngakhale a zimbale sanapulumuke, chifukwa masewerawo sankayenda popanda intaneti. Chaka chomwecho boma la California linakhazikitsa lamulo lokakamiza masitolo a m'mphepo kuuza wogula momveka kuti chomwe akulipira ndi chilolezo chogwiritsa ntchito, osati katundu wakewake. Lamulo lotere silikanafunika akanakhala kuti anthu ankauzidwa zoona kuyambira pachiyambi.

Alipo amene anganene kuti ndikukondera. Ndi zoona kuti chimbale chimakalika, chimasweka, mwana wamng'ono angachiyese chidole. Ndi zoonanso kuti masitolo a m'mphepo nthawi zina amagwetsa mitengo kwa masiku angapo, mpaka masewera akale kutchipa kuposa chimbale, ndipo munthu wa ku Furancungo sasowa kulipira chapa kupita ku Tete. Zimbale zatsopano zambiri nazonso zimafuna kuwonjezeredwa zina za pa intaneti. Zonsezi sindikuzikana. Koma kutsika kwa mtengo wa m'mphepo kumabwera mwini sitolo akafuna, ndipo kumachoka akafuna. Kutsika kwa chimbale kumabwera chifukwa ogulitsa ndi ambiri ndipo wogula ali ndi mphamvu yochoka. Kusiyana kwake kuli pamenepo.

Ena adzati nkhaniyi ndi ya m'tauni, kuno PlayStation 5 ali nayo ndani? M'tinyumba ta kanema ta m'misika yathu mukadali makina akale monga PlayStation 2, yomwe inatuluka mu 2000, ndipo ikugwirabe ntchito chifukwa chomwecho chakuti siipempha intaneti. Koma sitolo ya benchi limodzi ija yalowa kale m'midzi yathu kudzera pa foni. Masewera ngati Free Fire amalowa ulere, kenaka amayamba kugulitsa timiyala ta dayamondi togulira zovala ndi zida za m'masewera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana amene wagula mpira wa chikopa amasewera ndi mudzi wonse, ukaphulika amausoka. Amene wagula malaya a m'foni sangavale pa Khirisimasi, sangasiyire mng'ono wake, ndipo ndalama yake mwina yatuluka mu M-Pesa kapena e-Mola ya mayi ake, yomwe inali ya mbewu.

Choncho pempho langa lili patatu. Kwa makolo, nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni isungeni ngati mmene mumasungira kiyi wa nkhokwe, ndipo mwana akapempha za masewera mufunseni funso limodzi: ukatopa nazo ungagulitse? Kwa anyamata a tinyumba ta kanema amene mukusonkha ndalama zogulira makina atsopano, dziwani kuti PlayStation 5 inatuluka mitundu iwiri, wina wolowa chimbale, wina wosalowa. Wosalowa chimbaleyo ndi wotchipa pogula, koma akumangirirani ku sitolo imodzi. Kwa a INCM ndi aphungu athu a ku Tete, dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la mu 2009. Lamulolo lifike pa katundu wa m'mphepo: wogula auzidwe m'chilankhulo chomwe amamva ngati akugula kapena akubwereka, ndipo mtengo wa ma mega usasinthidwe popanda kumva anthu a m'maboma akutali.

Sindikuti ana asasewere. Ife tinasewera bawo, phada ndi mpira wa mapepala, ndipo awa ali ndi masewera a nthawi yawo. Koma ndalama ya kachewere ndi ya fodya imabwera ndi thukuta la nyengo yathunthu. Isanatuluke m'thumba, tiyeni tidziwe ngati tikugula mbuzi yolowa m'khola mwathu, kapena tikulipira kuti tingoiona ikudya m'munda wa eni ake.