KODI KUOPSEZA WOWERUZA MASEWERO NDI MLANDU?

Pa 12 September, 2009, pa mpikisano wa tenisi wa US Open mu mzinda wa New York, Serena Williams anali kusewera ndi Kim Clijsters. Mai wina woyang'anira mzere anaweruza kuti Williams waponda mzere poponya mpira. Williams anapsa mtima, napita kwa maiyo akumloza, namuopseza kuti adzamlowetsa mpirawo kummero. Cifukwa ca ici analandidwa pointi yotsiriza, Clijsters napambana. Pambuyo pace akuru a masewero anamlipitsa $82,500, koma ku bwalo la milandu sanatengeredwe.

Funso ndi ili: kodi mau otere ndiwo mlandu wa kuukira munthu, umene m'Cingelezi amati assault?

Malamulo a New York amati mlandu umenewu ulipo pokhapo munthu wabvulazidwa m'thupi. Popeza maiyo sanakhudzidwe konse, mlanduwo panalibe. Kuopseza kuli ndi milandu yace ina yocepa.

Malamulo a ku England ali ndi njira yina. Kumeneko nkokwanira kuti munthu wacititsa mnzace mantha akuti amenyedwa tsopano lino. M'caka ca 1669, pa mlandu wa Tuberville ndi Savage, munthu wina anagwira lupanga lace, nanena kuti akadacita kanthu ikadapanda kukhala nyengo imene oweruza anali m'mudzimo. Bwalo linati sanalakwe, pakuti mau ace omwe anasonyeza kuti sadzakantha. M'caka ca 1997, pa mlandu wa Ireland, bwalo lalikuru linagamula kuti mau okha angathe kukhala mlandu. Motero zikadacitikira ku Wimbledon, oweruza akadafunsa ngati maiyo anaopadi kuti amenyedwa pomwepo, anthu zikwi zambiri akupenya ndi alonda ali pafupi.

Nkoyenera kuti apolisi sanalowerere, pakuti mabwalo a milandu sangathe kuzenga mau onse otuluka m'kamwa mwa munthu wokwiya. Koma asaganize munthu kuti cimene siciri mlandu ncabwino. Woyang'anira mzere ndi wanchito wamng'ono amene sangayankhe katswiri wochuka, ndipo ngati aopa, adzatseka maso pamene phazi laponda mzere. Pamenepo masewero atha. Ncifukwa cace akuru a masewero ayenera kulanga msanga ndi kowawa, osayang'ana nkhope, kuti wamng'onoyo adziwe kuti ali ndi womchinjiriza.