Za Ululu, Mantha ndi Kulankhula pa Bwalo

Pa sukulu iliyonse ya m'midzi ya ku Kasungu apezeka mwana wamphamvu, amene alima mizere ingapo m'mawa asanapite kukaphunzira, nasenza mtolo wa nkhuni osautula panjira. Munga ukamlasa ku phazi, auzula yekha osalira. Koma mphunzitsi akamuuza kuti aimirire ndi kufotokoza nkhani pamaso pa anzake, mwana yemweyo asanduka wina. Maondo aomba, m'kamwa muuma gwa, mtima ugunda ngati ng'oma, ndipo mawu amene anawadziwa bwino dzulo amthawa onse. Iye angoyang'ana pansi, nakhala duu, kufikira anzake ayamba kuseka.

Anthu poona zotere anena kuti, "Nchibadwa chake, mwanayu ngwamanyazi." Za mnzake wolankhula momasuka ati, "Uyu anabadwa ndi pakamwa." Maganizo amenewa ngolakwa, ndipo asowetsa ana ambiri mwayi wao. Kupirira ululu ndi kulimba mtima polankhula ndizo nzeru zimene thupi liphunzira, monga dzanja liphunzira kugwira khasu. Kanthu aka sikachabe ayi, pakuti munthu wolephera kulankhula agonja pa mlandu ngakhale ali wosalakwa, agulitsa fodya wake pa mtengo wolira osafunsa chifukwa chake, ndipo ku chipatala alephera kunena pamene pakumpweteka.

Mbiri ya David Livingstone, amene anadutsa m'dziko la Mwase Kasungu m'chaka cha 1863, ionetsa bwino zinthu ziwirizi. M'chaka cha 1844, ali ku Mabotsa, m'dziko limene lero litchedwa South Africa, mkango unamgwira paphewa, numgwetsa pansi, nuphwanya fupa la mkono wake wamanzere. Mphunzitsi wina, dzina lake Mebalwe, anayesa kuuombera, ndipo chilombocho chinasiya Livingstone nkulumphira iye. Pambuyo pake Livingstone analemba kuti pa nthawi imene anali m'kamwa mwa mkango sanamve ululu kapena mantha, ngakhale anali kuzindikira zonse zochitika.

Tsono munthu yemweyu, akali wophunzira ku Ongar m'dziko la England, anatumidwa tsiku lina kukalankhula kwa anthu a m'mudzi wa Stanford Rivers. Mawu ake onse anali atawaloweza pamtima. Koma ataimirira pamaso pa anthu, nzeru zinamthera. Anawauza kuti waiwala zonse, natuluka msangamsanga. Aphunzitsi ake anatsala pang'ono kumbweza kwao. Iye sanaleke kuyesa, ndipo pa 4 Disembala 1857 analankhula pamaso pa khamu la anthu ophunzira ku Cambridge. Mawu ake anawagwira mtima kotero kuti ena ananyamuka ulendo, nafika ku Magomero m'chaka cha 1861.

Kodi chinaziziritsa ululu m'kamwa mwa mkango nchiyani? M'masiku a Livingstone panalibe wodziwa. Lero zidziwika kuti munthu akavulala, mitsempha itenga uthenga wa ululu kuchokera pa bala, nuupitiriza m'kati mwa msana kufikira ku ubongo, ndipo ubongo ukalandira uthengawo mpamene munthu amva kuwawa. M'chaka cha 1975 anthu awiri anzeru a ku Aberdeen, m'dziko la Scotland, John Hughes ndi Hans Kosterlitz, anapeza mu ubongo wa nkhumba mankhwala ochita ntchito yofanana ndi mofini, amene madokotala apatsa odwala omva ululu waukulu. Mankhwala a mtundu umenewu apezeka m'thupi la munthu aliyense, ndipo atchedwa endofini, ndiko kunena kuti mofini wa m'kati mwa thupi. Ntchito yake ndiyo kufoola uthenga wa ululu usanafike ndi mphamvu yake yonse. Pa nthawi ya ngozi yaikulu thupi litulutsa mankhwala otere mochuluka, kuti munthu athe kuthawa kapena kudziteteza, ndipo madokotala ena aganiza kuti ichi ndicho chinamchitikira Livingstone.

Koma munthu sayenera kudikira mkango kuti mankhwala ake a m'thupi adzuke. Njira zowadzutsira nzapafupi, ndipo makolo anazigwiritsa ntchito asanadziwe dzina lake. Amayi posinja aimba nyimbo za pamtondo, ndipo musi upepuka m'manja. Anthu polima dima aseka ndi kuimba pamodzi, namaliza munda umene munthu mmodzi akadautopera sabata yathunthu. Ovina chimtali ndi mganda achezera pabwalo osamva kutopa kufikira ng'oma italeka. M'chaka cha 2012 Robin Dunbar wa ku Oxford ndi anzake anafalitsa zimene anapeza poyesa anthu: munthu amene waseka kwambiri pamodzi ndi anzake apirira ululu nthawi yaitali kuposa m'mene akadapiririra asanaseke. Anapezanso zofanana ndi zimenezi mwa anthu oimba, ovina ndi oomba ng'oma. Chotero mpira, fulaye, kuthamanga ndi kuimba m'kwaya zili ndi phindu loposa kungokondweretsa mtima.

Palinso nzeru ina imene mayi aliyense aidziwa. Mwana akadzigunda pa mwala, amake asisita pamalopo, ndipo kulira kuchepa. M'chaka cha 1965 Ronald Melzack ndi Patrick Wall anafotokoza chifukwa chake: uthenga wa kusisita ndi uthenga wa ululu ukumana m'msana ngati anthu awiri pa khomo lopapatiza, ndipo woyambawo utsekereza mnzake. Tulo natonso nthandizo, pakuti munthu wosagona mokwanira amva kuwawa msanga kuposa wogona bwino.

Nanga za mantha a pa bwalo? Pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri timene titulutsa mankhwala ena, otchedwa adirenalini, munthu akaona choopsa. Mankhwalawa afulumizitsa mtima, atumiza magazi ambiri ku miyendo ndi manja, nachepetsa malovu m'kamwa. Thupi likonzekera kuthawa chilombo, pamene pamaso pa mwanayo pali anzake a m'kalasi okhaokha. Motero kunjenjemera sikusonyeza kupusa kapena kuperewera nzeru. Ngakhale mafumu, aphunzitsi ndi akuluakulu a boma amva chimodzimodzi, koma iwo aphunzira kuti mantha otere akula poyamba, nayamba kuzilala munthu akangopitiriza kulankhula.

Mwana wofuna kugonjetsa mantha awa achite zinthu zinayi. Choyamba, asanaimirire apume mpweya pang'onopang'ono katatu kapena kanayi, ndipo potulutsa mpweya achedwe kuposa poukoka, pakuti kupuma kotere kubweza mtima m'malo. Chachiwiri, aimirire ndi mapazi onse awiri pansi, mutu uli chilili, kuti mawu apeze njira yotulukira. Chachitatu, adziwe bwino mawu ake oyamba, ndi mitu iwiri kapena itatu ya nkhani yake. Kuloweza liwu lililonse nkoopsa, chifukwa liwu limodzi likasowa onse agwa, monga anaonera Livingstone. Chachinayi, ndipo ichi nchachikulu koposa, ayese kawirikawiri. Ayambe ndi kusimbira mng'ono wake nthano madzulo pa moto, pamene omvera ayankha kuti "Tili tonse". Mawa asimbire banja lonse. Kenaka aimirire m'kalasi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ngati m'mawa mwake anathamanga kapena kuimba ndi anzake, thupi likhala lomasuka kale.

Wina angati, "Zimenezi nza azungu ndi anthu akale." Koma m'boma lomweli la Kasungu, m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, munakulira William Kamkwamba, mwana wa alimi a chimanga ndi fodya, amene anabadwa m'chaka cha 1987. Njala ya 2001 ndi 2002 itagwa, makolo ake analephera kumlipirira sukulu ya sekondale. Iye anayamba kuwerenga mabuku m'kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya Wimbe, ndipo ndi mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi zina zotola kudzala anapanga makina oyenda ndi mphepo, amene anayatsa magetsi m'nyumba ya atate wake. M'chaka cha 2007, ali ndi zaka 19, anaitanidwa ku msonkhano waukulu wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Kumeneko mantha anamgwira, Chingerezi chinamthawa, ndipo anangoyankha mafunso ndi mawu ochepa odukaduka. Komabe sanatsike pa nsanja, ndipo mawu ochepawo anali oona, kotero kuti omvera ena anadzipereka kumthandiza kubwerera ku sukulu. Patapita zaka ziwiri, mu 2009, anaimiriranso pa msonkhano wotere ku Oxford, nasimba yekha mbiri yake momveka bwino, ndi kuwauza anthu za mantha amene anali nao ku Arusha. M'chaka cha 2014 anatsiriza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America. 

Akulu ena aopa kuti mwana wophunzitsidwa kulankhula adzakhala wamwano. Nkhawa imeneyi njomveka, pakuti alipo ana amene ayesa kuti kukweza mawu ndiko nzeru. Koma kulimba mtima ndi ulemu zigona nyumba imodzi. Mwana woleredwa bwino adikira nthawi yake, agwada kapena kunjuta monga mwa mwambo, ayamba ndi "Zikomo", ndipo atatero anena mawu ake momveka, osameza theka lake. Nduna zolankhula pa bwalo la mfumu zichita chomwecho, ndipo palibe azitcha zamwano.

Pali chenjezo limodzi lofunika koposa. Ululu ndi mthenga, ndipo mthenga sapirikitsidwa asananene chimene wadzera. Mankhwala a m'thupi achepetsa kuwawa, koma sachiritsa malungo, salumikiza fupa lothyoka, ndipo sachotsa ululu wa njoka. Mwana amene aphunzira kupirira ayenera kuphunziranso kuzindikira ululu wosayenera kuupirira.

Chitsanzo chili m'minda ya fodya momwemu. M'miyezi ya mvula, pamene anthu athyola fodya ndi kumsoka kuti akampachike m'zigafa, masamba akhala onyowa ndi mame kapena mvula. M'masamba a fodya muli chikonga, ndipo chikongacho chisungunuka m'madzi nkulowa m'thupi kudzera pa khungu, ngakhale munthuyo sasuta. Wogwira fodya wonyowa ayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kusanza. Ana ndiwo avutika msanga, popeza matupi ao ngaang'ono. Nchifukwa chake ntchito yogwira fodya siyenera ana, ndipo lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 liletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14. Akulu othyola fodya adikire masamba aume, avale zophimba mikono, avule msanga zovala zonyowa, ndi kusamba ndi sopo akaweruka.

Tsono mwana akamva zizindikiro zotere, kulimba mtima kwake kuoneka pa kulankhula. Apite kwa amake nanene kuti, "Amayi, mutu ukundipweteka, ndipo ndikumva chizungulire chiyambire kugwira fodya uja m'mawa." Akafika ku chipatala anene yekha pamene pakuwawa, tsiku limene panayamba, ndi chimene anali kuchita. Ngati akulu a pakhomo samva, auze aphunzitsi ake kapena amfumu. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwana wobisa matenda poopa kutchedwa waulesi adzipweteka yekha, ndipo nthawi zina thandizo lifika mochedwa.

Chotero makolo ndi aphunzitsi aleke kunena kuti mwana wakuti anabadwa wamanyazi. Ampatse mpata wosewera, woimba ndi wogona mokwanira. Ampatsenso mpata woimirira ndi kulankhula kawirikawiri, ndipo akaphonya asamseke. Mwana amene lero anjenjemera pamaso pa anzake makumi atatu ndiye amene mawa adzaimira mbale wake pa mlandu, adzafunsa za mtengo wa mabelo ake ku msika wa Chinkhoma, ndi kulankhulira mudzi wake pamaso pa boma.

Mafunso

1. Kodi endofini nchiyani, ndipo agwira ntchito yanji m'thupi?
2. Ndi ntchito ziti za m'mudzi zimene anthu agwira akuimba? Aimbiranji?
3. Nchifukwa ninji m'kamwa muuma munthu akaimirira pamaso pa anthu?
4. Kodi William Kamkwamba anapindulanji posatsika pa nsanja ku Arusha?
5. Mwana achite chiyani akamva mutu ndi chizungulire atagwira fodya wonyowa?