Akatswiri a bawo a ku Milonde ayamikiridwe

Ena akaona azibambo atazungulira bawo pamsika wa Milonde amati ndi ulesi, ati khasu lawakanika. Ife sitikuona choncho. Mkulu wozolowera bawo asanatole nkhomo, maso ake amakhala atayenda kale m'maenje onse 32. Wawerengera pomwe nkhomo yomaliza ikagwere, ndiponso kuti akadya apa mnzake abwezera pati. Zonsezi m'mutu, popanda cholembera. Mnyamata woimirira kumbuyo samuthamangitsanso ayi. Amamusiya aonerere, tsiku lina n'kumusunthira mpando: "Takhala apa, utakate tione." Sukulu yaulere imeneyi ndiyo tikuithokoza.

Ku Japan nzeru zotere zinkatengedwa ngati ntchito. Mu 1612 boma la a Tokugawa lidayamba kulipira akatswiri a Go, masewera a timiyala takuda ndi toyera pa thabwa la mizere 19 uku ndi uku. Honinbo Sansa, wansembe wa Chibuda, ankalandira mpunga wa boma chaka ndi chaka. Kenaka padakhazikika nyumba zinayi za akatswiri, Honinbo, Inoue, Yasui ndi Hayashi, zomwe zinkatenga ana aluso n'kuwalera, ndipo kamodzi pachaka akatswiriwo ankakapikisana kunyumba ya wolamulira ku Edo, komwe lero ndi Tokyo.

Mmodzi mwa ana oleredwa chonchi ndi Shusaku, wobadwa mu 1829 pachilumba cha Innoshima. Adalowa m'nyumba ya Honinbo ali kamnyamata, ndipo pa mipikisano ya ku Edo adapambana maulendo 19 osagonjako. Adamwalira mu 1862 ali ndi zaka 33, atatenga kolera posamalira odwala a m'nyumbamo; matenda amenewa ife sitichita kuuzidwa.

Zonse sizinali zokoma. Nyumbazi zinkabisirana njira zosewerera, kulimbirana udindo kunkadanitsa anthu, ndipo boma lija litagwa mu 1868 mpunga udaleka kubwera, akatswiri n'kuyamba kuvutika. Nchifukwa chake sitikunena kuti boma lathu lidzilipira osewera bawo. A ku Milonde asunga luso lawo popanda malipiro, ndipo anawo akuphunzirabe. Chomwe mafumu ndi aphunzitsi a m'derali angachite n'chochepa: kukonza mpikisano kamodzi pachaka anthu akatha kukolola, atsikana nawo apatsidwe mpando, ndipo mayina a opambana alembedwe m'buku.