Kangaude Wofiira ku Tengwe: Madzi ndi Sopo Zitsogole, Botolo Libwere Pambuyo

Mwezi wa Okutobala ukafika ku Tengwe, m'boma la Hurungwe, dzuwa limatentha mopanda chisoni ndipo fumbi la m'misewu ya m'mapulazi limakuta chomera chilichonse. Nthawi imeneyi ndi pamene matimati a m'madimba amayamba kusintha maonekedwe. Poyamba masamba amachita timadontho toyera ngati wina wawaza ufa, kenaka amachita chikasu, ndipo potsiriza amauma ngati awauka ndi moto. Munthu akatembenuza tsamba amapeza tizilombo tofiira, tating'ono ngati utitiri wa nkhuku, tikuyendayenda m'kati mwa ukonde wopyapyala. Ameneyu ndiye kangaude wofiira.

Ambiri mwa eni madimba amenewa ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito ya fodya. Chigawireni mapulazi akuluakulu kuyambira m'chaka cha 2000, ambiri a iwo anataya malipiro a pamwezi koma malo olima sanapatsidwe. Kwa banja lotere, mizere ingapo ya matimati ndiyo ndalama ya sukulu, ya chigayo ndi ya kuchipatala. Nchifukwa chake mlimi akaona masamba akuwauka sazengereza: amathamangira ku Karoi kukagula botolo la mankhwala, kaya ndi dimethoate kaya ndi ena a gulu la pyrethroid, napopera. Pakapita masabata awiri amapeza kangaude wachuluka kuposa kale. Amaonjeza muyezo, napoperanso. Ndalama imatha, matimati nawo amatha.

Pali malangizo akale amene amapezeka m'mabuku a kasamalidwe ka maluwa a m'nyumba ndi a pakhonde. Malangizowo amati chomera chogwidwa ndi kangaude chitsukidwe ndi madzi kunsi kwa masamba, chipoperedwe madzi a sopo, ndipo tizilombo todya kangaudeyo tisiyidwe kuti tigwire ntchito yake. Alimi ambiri, ngakhalenso alangizi ena, amaseka akamva zimenezi. Amati ndi nzeru za madona osamala maluwa a m'zitini, zosayenera munthu wolima kuti adye. Kuseka kumeneku nkolakwika. Gawo loyamba la malangizowo, la madzi ndi sopo, ndi loona padimba monga momwe lilili loona pakhonde. Gawo lachiwiri, la tizilombo todya tinzake, ndi loonanso, koma ku Tengwe lifunika kulilongosola mosamala kuti alimi asalonjezedwe zimene sizingachitike.

Kangaude wamkulu msinkhu amatalika pafupifupi theka la milimita ndipo ali ndi miyendo isanu ndi itatu. Sali m'gulu limodzi ndi mbozi kapena nsabwe za m'mbewu, choncho mankhwala ambiri opangidwira tizilombo timeneto samupha mokwanira. Amaboola tsamba kunsi nkuyamwa madzi ake. Kukatentha kufika madigiri 30, dzira limasanduka kangaude woikira mazira ake pa masiku osapitirira khumi, ndipo wamkazi mmodzi akhoza kuikira mazira oposa 100. Chilombo choswana mwachangu chotere sichichedwa kuzolowera mankhwala, pakuti ochepa amene apulumuka lero ndiwo makolo a khamu lonse la mwezi wa mawa. Pamene kangaudeyo akupulumuka, tizilombo timene timamudya, monga tizikumbu takuda ta mtundu wa Stethorus, timafa pa kupopera koyamba komwe. Mlimi amakhala atalipira ndalama kuti aphe alonda a munda wake.

Chimene kangaude sapirira ndi madzi. Mlimi aliyense waona kuti mvula yamphamvu ikagwa mu Disembala vutoli limachepa lokha. Kutsuka masamba ndi kubweretsa mvula imeneyo nthawi yake isanakwane. Pampu yoyera bwino, yothiramo madzi okhaokha, kamwa lake litaloza m'mwamba kuti madzi amenye kunsi kwa tsamba, imagwetsa akangaude ambiri ndi kung'amba ukonde umene amabisalamo. Sopo amaonjezera mphamvu: magalamu 10 a sopo wamba wa mtanda, osungunulidwa mu lita imodzi ya madzi, amapha kangaude amene wakhudzidwa. Koma sopo akauma ntchito yake yatha, ndipo mazira ambiri amatsala amoyo. Tsono kupopera kamodzi nkungotaya nthawi. Nkofunika kubwereza pakapita masiku anayi kapena asanu, katatu kapena kanayi, kuti ana oswa pambuyo aphedwe asanayambe kuikira. Ntchitoyi igwiridwe m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, masamba aume usiku usanafike, chifukwa matimati ogona onyowa amagwidwa msanga ndi chiwawu. Sopo wa ufa wochapira zovala amawaula masamba. Ndipo ngakhale wa mtandayo ayambe wayesedwa pa zomera ziwiri kapena zitatu.

Nzoona kuti ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ndipo pa munda wa maekala ambiri siingatheke. Koma madimba a m'makomboni si a maekala ambiri. Chimene chimasowa kawirikawiri si mphamvu koma kuyamba msanga. Mlimi wotembenuza masamba a m'munsi kawiri pa sabata kuyambira mu Ogasiti amampeza kangaude akadali pa zomera zochepa za m'mphepete, makamaka mbali ya kumsewu kumene kumachokera fumbi. Woyembekeza kuti aone ukonde pa nsonga za zomera wachedwa kale, ndipo pamenepo ngakhale mankhwala odula salowa.

Ku dera la fodya kuli chiyeso china chofunika kuchitchula. Zinyenyeswa za fodya zimapezeka paliponse, ndipo ena amaziviika m'madzi nkupopera pa matimati. Chikonga cha m'fodya ndi poizoni wolowa pakhungu la munthu, ndiponso fodya akhoza kupatsira matimati matenda a mozeiki, amene alibe mankhwala. Njira imeneyi alangizi aikane poyera.

Tsopano za adani achilengedwe. Kangaude wovutitsa maluwa a m'nyumba ndi a m'mashedi ogulitsa kunja kawirikawiri amakhala wa mtundu wa Tetranychus urticae. Ameneyu ali ndi mdani wodziwika, kangaude mnzake wodya nyama wotchedwa Phytoseiulus persimilis, amene anafika ku Germany kuchokera ku Chile mu 1958 ndipo wakhala akuwetedwa ndi kugulitsidwa ku Ulaya kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Olima maluwa ku Kenya amamgwiritsa ntchito kwambiri. Munthu wokhala ndi maluwa pakhonde akawerenga za iye sakunamizidwa.

Kangaude wa pa matimati a ku Tengwe ndi wina. Dzina lake ndi Tetranychus evansi, kwawo ndi ku South America, ndipo ku Zimbabwe kuno anapezeka mu 1979, pamene akatswiri anamlemba ngati chilombo chatsopano cha fodya. Kuchokera apo anafalikira m'maiko oyandikana nawo, ndipo pofika 2001 anali atapezeka ku Kenya. Amakonda zomera za banja limodzi ndi matimati: mbatatesi, mabiringanya, impwa, fodya, mnadzi ndi nthula. Ukonde wake ndi wochindikala, ndipo Phytoseiulus persimilis akapatsidwa kangaude ameneyu amadya pang'ono ndi kuikira mazira ochepa. Wogulitsa aliyense amene angauze mlimi wa matimati kuti botolo la persimilis lithetsa vuto lake akumgulitsa chinthu chabwino cha ntchito ina. Pa maso chabe mitundu iwiriyi njovuta kuisiyanitsa, choncho alangizi atumize masamba kwa akatswiri a tizilombo ku Harare asanalangize.

Mdani weniweni wa evansi anakamfunafuna kwawo komweko. Akatswiri a bungwe la icipe la ku Nairobi, pamodzi ndi anzawo a ku Brazil, anapeza kumwera kwa dzikolo, m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, kangaude wotchedwa Phytoseiulus longipes amene amadya evansi ndi kuswana bwino pa matimati. Chodabwitsa nchakuti mtundu umenewu unalembedwa koyamba mu 1958 kuchokera ku Zimbabwe konkuno. Koma a ku South Africa atayesedwa pa evansi sanachite bwino ngati a ku Brazil. Dzina ndi limodzi, madyedwe ngosiyana. Phunziro lake kwa ofufuza nlakuti kuona dzina m'buku sikukwanira.

Kuti njira yotenga mdani kwawo kwa chilombo imatheka, anthu a kuno anaona kale. Kodikodi wa chinangwa, amene anasautsa anthu a ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1980, anagonjetsedwa ndi kamavu kochokera ku South America kobweretsedwa ndi bungwe la IITA. Kangaude wobiriwira wa chinangwa naye anachepa bungwe lomwelo litamwaza Typhlodromalus aripo, kuyambira ku Benin mu 1993. Koma chinangwa sichipoperedwa mankhwala, ndipo chimakhala m'munda chaka chathunthu. Matimati amapoperedwa sabata ndi sabata ndipo amazulidwa pakapita miyezi inayi. Mdani aliyense womwazidwa m'dimba lopoperedwa pyrethroid adzafa tsiku lomwelo. Apa ndi pamene magawo awiri a malangizo aja akumana: mlimi wozolowera madzi ndi sopo ndiye yekha amene dimba lake lingasunge mdani wachilengedwe. Mabungwe a kafukufuku a m'chigawo chino akafuna kuyesa longipes m'madimba a alimi, ayambe ndi kusintha kapoperedwe.

Pali zinanso zosafuna ndalama. Kafukufuku wa Saunyama ndi Knapp, wofalitsidwa mu 2003, anaonetsa kuti ku Zimbabwe matimati othenera ndi omangirira ku mitengo amagwidwa mochepa ndipo amabereka bwino, chifukwa zopopera zimafika kunsi kwa masamba. Mapesi a matimati otha kukolola azulidwe ndi kutenthedwa, osati kusiyidwa pafupi ndi nazale yatsopano. Anthu a ku Tengwe safunika kuphunzitsidwa zimenezi: amadziwa kuti lamulo la fodya limaika tsiku la 15 Meyi lozulira mapesi, kuti tizilombo tisowe pokhala m'nyengo yachisanu. Matimati alibe lamulo lotere, koma alimi othirira pa damu limodzi akhoza kupangana okha. Mnadzi ndiwo wovuta, pakuti ndi ndiwo zokoma ndipo amayi safuna kuuzula. Ukhale kutali ndi matimati, ndipo masamba ake aziyang'anidwanso.

Botolo lili ndi malo ake. Kangaude akafika pochuluka, mankhwala opangidwira kangaude yekha, kapena salufa wopopera kukazizira, angathe kupulumutsa mbewu. Koma asabwerezedwe a mtundu umodzi. Olima thonje m'dziko lino anaphunzira zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kangaude atazolowera dimethoate: dziko linagawidwa zigawo zitatu, chigawo chilichonse nkumagwiritsa ntchito gulu limodzi la mankhwala kwa zaka ziwiri kenaka nkusinthana. Nzeru imeneyo sinafike kwa wolima matimati wa m'komboni, amene amagula kabotolo kothiridwa kuchokera m'chigubu china, kopanda chizindikiro, kapena kolembedwa m'Chingerezi chokha. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Alangizi a AGRITEX otumizidwa ku Tengwe apatsidwe timapepala ta kangaude wofiira m'Chishona ndi m'Chichewa, ndiponso kagalasi kokulitsira zinthu koti mlimi aonere yekha mazira ali kunsi kwa tsamba.